Chitseko cha Bambo a Ujeni

Chitseko changa palibe amene anachijambulapo. Ndi chachitsulo, chotuwa, malemu amuna anga anachigula kwa owotcherera chaka chimene akuba anatibera wailesi, ndipo chimalira ngati mbuzi mukamachitsegula. Alendo odzaona mzinda wakale wa Tunis akafika m'kanjira kathu amachitsamira ndithu, koma cholinga chawo chimakhala kupeza poima pabwino kuti ajambule chitseko cha aneba anga, a Shedli. Zaka zonsezi ndakhala ndikuonera misana ya anthu a mitundu yonse kuchokera pawindo langa lam'mwamba. Ndikunena poyera kuti zimandiwawa, kuopa kuti wina angadzati Duja ankabisa nsanje.

Koma chilungamo chizinenedwa, chitseko cha a Shedli nchokongoladi. Nchabuluu, chachitali moti munthu wokwera hatchi akhoza kulowa osawerama, ndipo misomali yake yakuda anaikhoma mojambula nsomba ndi miyezi. Chachikulucho chimatsegulidwa pa ukwati ndi pa maliro pokha. Masiku ena onse anthu amalowera pa kachitseko kakang'ono kamene kali m'kati mwa chachikulucho, ndipo ngakhale nduna ya boma iyenera kuweramitsa mutu. Zogogodera zilipo zitatu, monga zinalili nyumba zonse kale tisanatengeke ndi mabelu amagetsi. Chakumanja ncholemera, cha amuna, chimati gu gu gu. Chakumanzere ncha akazi, chimati nge nge nge. Chachitatu chili m'munsi, cha ana, chimati ke ke ke ngati supuni pa tambula ya tiyi. Ali m'kati amadziwiratu wokatsegula: mwamuna akatsegulire mwamuna mnzake, mkazi akatsegulire mkazi mnzake.

A Shedli anabadwira kuseri kwa chitseko chimenecho. Zaka makumi anayi anagwira ntchito kumsika wa zipewa zofiira zaubweya, kupesa chipewa chilichonse ndi minga youma mpaka chisalale. Anyamata atasiya kuvala zipewazo, iwo anatseka kasitolo kawo nkubwerera kunyumba, chawo chili pamutu, duwa la jasimini lili kukhutu. Kuyambira pamenepo ntchito yawo inakhala chitsekocho. Lachisanu lililonse asanapite kumzikiti ankadontheza mafuta a maolivi m'mahinjesi. Penti ankapaka okha, wina osakhudzako. Tsiku lina mwana wa achimwene awo anabwera ndi belu kuti awaikire ngati mphatso, ndipo mpaka lero sanaitanidwenso kudzadya nawo Idi.

Lamulo lawo linali limodzi, ati anawasiyira ndi bambo awo: munthu akagogoda, m'tsegulire, um'funse ngati akufuna madzi. Linali lamulo labwino m'masiku amene ogogoda anali atatu patsiku, wa buledi, wopemphetsa ndi mlamu.

Kenako kunabwera Monji.

Monji ndi woperekeza alendo, wa chiphaso cha boma chopachika m'khosi ndi ambulera yofiira imene sinaonepo mvula. Amakawatenga kudoko zikakocheza sitima zikuluzikulu zija, nkuwaonetsa mzikiti waukulu, msika wa mafuta onunkhira, denga la wogulitsa makapeti amene ndi msuweni wake, kenako kanjira kathu. Mulungu anam'patsa zinenero zisanu koma anam'mana mawu apansi. Monji akamanong'ona, nkhunda za pamzikiti zimauluka. Komanso ndi wabodza, bodza lake lopanda nalo manyazi. Chaka choyamba chitseko cha a Shedli chinali cha zaka mazana awiri, zomwe nzoona. Chaka chachitatu chinali chitafika mazana asanu. Pofika chaka chathachi, mfumu ina yothawa nkhondo inali itabisalapo m'nyumbamo, ndipo misomali ija anaikhoma ndi kapolo wina wodwala chikondi, msomali umodzi patsiku.

Akamaliza bodza, Monji ankaonetsa alendo zogogodera. Gu gu gu. Nge nge nge. Ke ke ke. Alendo nkusangalala, aliyense nkufuna kuyesako, amuna cha akazi, akazi cha amuna, agogo athunthu kugwada pa cha ana. Ndiye mumve m'kati, masilipasi a a Shedli akudutsa bwalo lonse la nyumba, khwe, khwe, khwe, ndi mawondo awo ovuta aja. Kachitseko nkutseguka, chipewa chofiira nkusuzumira, makamera onse nkuthetheka.

"Ndani?"

"Ndi ife tomwe, bambo Shedli. Mwadzuka bwanji?"

"Iwe Monji, bambo ako anali munthu wabwino, ankagulitsa makala mwaulemu. Iwe unatengera yani? Wagogoda cha amuna, wagogoda cha akazi, wagogoda cha ana. Tatiuza lero, ndiwe chiyani kwenikweni?"

Monji nkutembenukira alendo ake, dzanja lili pamtima. Ine Chifalansa ndimamva, ndiye palibe chimene chinkandidutsa. "Akuti takulandirani ndi manja awiri m'nyumba ya makolo awo."

"Ukuwauza chiyani? Auze kuti chitsekochi anakhometsa ndi agogo a agogo anga, munthu wogulitsa nsalu. Kulibe mfumu inabisala muno. Mfumu ikabisale kwa ife, ilibe kwawo?"

"Akuti mfumuyo inagona m'chipinda chakumanzere."

"Galu iwe. Afunse ngati akufuna madzi."

Akazi awo, a Beya, anayesa kutsatira mwambo sabata imodzi yokha. Cha akazi chikalira ankasiya poto pamoto, nkufunda mpango, nkuthamanga, nkukapeza chibambo chandevu cha ku Jeremani chitagwira chogogodera cha akazi, kabudula ali m'ntchafu. Tsiku lachisanu ndi chiwiri anapsereza nsomba, ndipo analengeza kuti makutu awo afa. Kuyambira pamenepo zogogodera zonse zitatu ankayankha ndi a Shedli, nyengo yotentha mpaka maulendo makumi anayi patsiku.

Anthu ankanena zambiri. Ena ankati mkuluyo amakonda kujambulidwa, ena ankati mutu wayamba kusokonekera. Anzawo a kumalo omwera khofi anawalangiza kuti amange nsanza pa zogogoderazo kuti zisamamveke. "Ndimange nsanza?" anatero a Shedli. "Ndi chala chothyoka?"

Ine ndinkadziwa chifukwa chake. Munthu wokhala pawindo amaphunzira kumvetsera masilipasi. Cha amuna chikalira, masilipasi aja ankabwera mwaulesi, mwini wake akutukwana m'njira monse. Koma cha ana chikalira chokha, ankafulumira ngati a mnyamata. Ndipo mwana wa mlendo akangogogoda kawiri, masilipasi ankaima zii pakati pa bwalo, kudikira kachitatu.

A Shedli ndi a Beya ali ndi mwana mmodzi yekha, Wasila. Ali wamng'ono ankagogoda cha ana mwa njira yakeyake: kawiri mofulumira, nkudikira pang'ono, kenako kamodzi. Anakula nkukhala mphunzitsi wa masamu, wamtali kuposa bambo ake, koma sanasiye. Ankabwera kuchokera kusukulu, chikwama chili m'khwapa, nkuwerama ndithu pa cha ana. Bambo ake ankanamizira kukalipa, ati mtsikana wamkulu ngati iyeyu akutichititsa manyazi, koma sankalola munthu wina kukam'tsegulira.

Wasila anakondana ndi Lotfi, mnyamata wofatsa wokonza magetsi, wokulira m'nyumba zosanjikizana za ku Ariana kumene chitseko chilichonse chili ndi belu. Tsiku lodzafunsira, Lotfi anabwera ndi amalume ake, maluwa ndi thireyi ya makeke. Mantha atam'gwira, anangogwira chogogodera chimene chinali pafupi ndi dzanja lake. Nge nge nge. A Beya anaganiza kuti ndine, chifukwa ndinali nditanena kuti ndibwera kudzabwereka sefa. Anatsegula opanda mpango, tsitsi lonse atalimata hina wofiiritsa imvi, pamwamba atavala jumbo, diresi atapisira m'chiuno. Amalume a Lotfi anagwetsa thireyi. Ine ndinaseka mpaka kugwira khoma, ndipo Mulungu andikhululukire, sindinadziwe kuti ndikuseka chinthu chimene chidzawononga zaka khumi ndi chimodzi.

"Mwamuna wosadziwa kugogoda pakhomo angasunge banja?" anatero a Shedli. "Wabwera kudzapempha mwana wanga, wayamba nkuona mutu wa mkazi wanga!"

Anakana. Akuluakulu anabwera kudzapepesa, anakana. Lotfi analemba kalata, sanaiwerenge. Vuto nloti Wasila anatengera bambo ake kuuma mutu konse, osasiyako ngakhale pang'ono. Chaka chonse m'nyumbamo munali nkhondo, ndipo tsiku lomaliza ndinamva chilichonse, chifukwa analankhulira pakhomo penipeni, Wasila sutikesi ili m'manja.

"Ukatuluka pano," anatero a Shedli, "ndalumbira pali Mulungu, dzanja langa ili silidzakutsegulira chitseko ichi."

"Musavutike, bambo. Nanenso ndalumbira pali Mulungu, sindidzagogodanso pano."

Ukwati anakamangira kuofesi ya boma, ndipo chitseko chachikulu chija sichinatsegulidwe. Wasila sanapite kutali ayi. Anakakhala ku Ariana komweko, ulendo wa theka la ola pa sitima yam'tauni.

A Shedli analetsa kutchula dzina lake m'nyumbamo. Apa a Beya anagwira njakata, chifukwa chikwatiwireni ankaitana amuna awo kuti bambo a Wasila, ndipo dzina lawo lenileni sanalitchulepo. Anayesa masiku awiri kumangoti "inu", kenako tsiku lina tinangomva kuchokera kukhitchini: "Bambo a ujeni, chakudya chapsa!" Dzinalo linamera. Wa buledi, wometa, ngakhale Monji akakhala kumbali, onse ankati bambo a ujeni.

Shehe wa mzikiti wathu waung'ono anawakumbutsa kangapo kuti lumbiro lotere lili ndi mankhwala ake: munthu amadyetsa osauka khumi, nkhani nkutha. "Ayambe iye," ankatero a Shedli. "Wamng'ono ndani?" Uthenga utafika ku Ariana, yankho linabwera tsiku lomwelo: "Anayamba kulumbira ndani?"

Lachinayi lililonse a Beya ankanyamula kandowa, thawulo ndi sopo, ati akupita kubafa la mumzinda kumene amayi amasambira pamodzi. Ankatuluka m'mawa nkubwera madzulo, thawulo lili louma gwa. A Shedli ankawalandira pakhomo, nkuyang'ana thawulolo, nkuyang'ana kumwamba.

"Madzi anali otentha?"

"Otentha."

"Onse ali bwino kubafako?"

"Onse ali bwino. Wina wakwezedwa pantchito."

"Mm. Wawonda kapena?"

"Wanenepa."

"Mm."

Zaka khumi ndi chimodzi, anthu akuluakulu awiri, kukambirana za mwana wawo ngati akukamba za bafa. Ine zinkandikwiyitsa kwambiri, ndipo kangapo konse ndinafuna kuwathira madzi otsukira mbale kuchokera pawindo.

Chaka chatha, mwezi wa Ogasiti, dzuwa likuswa mtengo, kamtsikana ka alendo kanagogoda cha ana kawiri. Masilipasi anafulumira, kenako ndinamva khu! A Shedli anagwa pafupi ndi mtengo wa mandimu pakati pa bwalo. Dokotala anati ndi mtima, ndipo analamula kuti agone, za chitseko aiwale. Anawagoneka m'chipinda cham'mwamba choyang'anana ndi windo langa, ndipo kanjira kathu nkopapatiza moti tikadafuna tikadapatsirana mchere. Masabata awiri chitseko chinagogodedwa popanda woyankha. Cha ana chikalira ndinkawaona akudzutsa mutu papilo, khutu lili tcheru, kenako nkuubweza pang'onopang'ono. Ndinasiya kuyang'ana, chifukwa zinkandimvetsa chisoni. Sabata yachitatu anatenga ndodo, anatukwana dokotala ndi makolo ake, nkuyambanso kutsegula.

Tsiku limenelo a Beya anabwera kwanga, anakhala pampando wa kukhitchini osapereka ndi moni womwe, nkuyamba kulira.

"A Duja, chitseko chachikulu chija chitsegulidwa posachedwa, ndipo si ukwati. Mwana wanga adzalowa bambo ake akutuluka."

Nzeru inali yanga, ndipo ndikufuna zidziwike. Ndinaitana Monji kuchipinda changa cham'mwamba, a Beya anaimbira Wasila foni nkuika pathebulo kuti tonse timve.

"Tamvera, mwana wanga," ndinatero. "Iwe unalumbira kuti sudzagogoda. Bambo ako analumbira kuti sadzakutsegulira. Chabwino. Lachiwiri kukubwera sitima ya alendo ya ku Italy. Iwe uvale chipewa ndi magalasi akuda, ulowe m'gulu la alendo. Agogode ndi Monji. Bambo ako atsegulira Monji, osati iwe. Kachitseko kakangotseguka, iwe lowa. Palibe wathyola lumbiro."

"Mayi Duja, mutu wanu ndi wa boma!" anatero Monji.

"Tsitsa mawu, iwe."

"Ndatsitsatu, mayi!"

Kenako pafoni Wasila anati, "Nanga akandiona nkutseka?"

Tonse tinkawadziwa a Shedli, akadatha kutero.

"Ndibwera," anatero Wasila. "Koma akanditsekera pamaso pa anthu, mayi, musadzandiitanenso. Ngakhale tsiku lotsegula chachikulucho."

Kunali kotentha ndipo windo langa linali lotsegula. Patsidya katani inali yotseka, ndiye tinangoti mkuluyo ali mtulo.

Lachiwiri m'mawa, anthu atangochoka kumapemphero, ndinadzidzimuka ndi phokoso la nyundo. Posuzumira ndinaona a Hedi akalipentala ndi amuna asanu onyamula katundu kumsika, thukuta lili kamukamu, akuzula chitseko cha a Shedli. Chitseko chimene sichinachokepo pamalo pake zaka mazana awiri, chimene munthu sankaloledwa ngakhale kuchipukuta fumbi. Eni ake anali ataima pambali, akulamula ndi ndodo.

"Pang'onopang'ono, abulu inu! Si chitseko cha khola la nkhuku chimenecho! Iwe wakumanzere, ukakanda nsomba imeneyo ndikukanda nawenso!"

Anachinyamula, anawoloka nacho kanjira, masitepe atatu okha, nkuchiyedzeka pakhoma la nyumba yanga, pachitseko changa penipeni. Changa chimatsegukira kunja.

"A Shedli! Mwanditsekera m'nyumba!"

"Mumafuna kupita kuti? Zonse mumaonera pawindo."

"Mwachizuliranji?"

"Penti."

"Munapaka mwezi wa Malichi womwewu!"

"Ndiye ndi chanu?"

A Beya anali ataima m'bwalo, kukamwa kuli yasa. Anandiyang'ana, ndinawayang'ana, tonse tinayang'ana katani ija. A Shedli anatuma a Hedi kuti awabweretsere mpando, anauika pakati pa chibowo chimene chinatsala, nkukhala. Anali atavala mkanjo wawo woyera wa pa Idi, chipewa chopesedwa kumene ndi duwa latsopano kukhutu. Umu ndi mmene munthu amavalira popaka penti? Chitini cha penticho sindinachione, ngakhale burashi. Onyamula katundu aja anawauza kuti asachoke, anawapatsa tiyi, iwo nkukhala tsonga pampandopo kuyambira seveni koloko, maso ali kukona ya kanjira. Dzuwa linafika pamapazi awo, linakwera mpaka m'mawondo, sanasunthe.

Itakwana leveni tinamva mawu a Monji asanaoneke mwini wake. Anatulukira pakona akuyenda chafutambuyo monga mwa masiku onse, ambulera ili m'mwamba, alendo makumi awiri akum'tsatira.

"Ndipo tsopano, amayi ndi abambo, chitseko chotchuka kwambiri mumzinda uno, cha zaka chikwi chimodzi!"

Analoza ndi ambulera osayang'ana. Alendo anakweza makamera, nkuwatsitsanso. Monji anatembenuka. Anapeza chibowo, nkhalamba ili pampando, ndipo kumbuyo kwake zovala zamkati za a Beya zili pachingwe.

"Mwadzuka bwanji, bambo Shedli?" anatero ndi mawu ouma.

"Mfumu yako ija yabwera kudzachitenga," anayankha a Shedli.

Koma wabodza sachedwa kutsitsimuka. Monji anaona chitseko chili pakhoma langa, anazunguliza ambulera, nkulengeza kuti alendowa ndi amwayi kwambiri, chifukwa afika tsiku la mwambo wakale wosamutsa chitseko. Onse makumi awiri anatembenuka, anafulatira a Shedli, nkuyamba kujambula nyumba yanga. Yanga! Ndinakonza mpango msangamsanga, nkutsamira pawindo ngati munthu wozolowera.

Munthu mmodzi yekha sanatembenuke. Anali kumbuyo kwa gulu, wamtali, chipewa chachikulu ngati thireyi, magalasi akuda. Anaima njo, akuyang'ana bambo ake. Anali asanawaone zaka khumi ndi chimodzi, ndipo ankawadziwa ali ndi masaya. A Shedli sanamuyang'ane. Anayang'ana khoma, nkulankhula mokweza ngati akuuza mphepo.

"Lero pano palibe chitseko. Palibe akugogoda, palibe akutsegulira munthu. Wofuna kulowa alowe."

Njira inali yotseguka, masitepe anayi okha. A Beya anali atagwira pakamwa ndi manja onse awiri. Ine ndinalephera kupirira. "Lowa, mwana iwe!" ndinakuwa, ndipo alendo ena anandijambula ndili kukamwa kotsegula.

Wasila sanalowe. Anavula magalasi, anavula chipewa nkupatsa mayi wina wa ku Italy amene sanadziwe chochita nacho. Kenako anawafulatira bambo ake. Mtima wanga unangoti myuu, ndinati basi, wabwerera. Koma iye anadutsa pakati pa alendo, anafika pachitseko choyedzeka pakhoma langa chija, anagwada pamiyala, nkugwira chogogodera cham'munsi.

Ke ke.

Kanjira konse kanati zii.

Ke.

"Lumbiro lija," anatero Monji, ndipo ananong'onadi, moti ndinamva chifukwa choti kunalibe wina wopuma.

A Shedli anadzuka. Ndodo inagwa, sanaitole. Anawoloka kanjira, ndipo mwana wawo anali pomwepo, akadangotambasula dzanja akadam'gwira paphewa. Koma iwo anam'dutsa, anapita m'mbali mwa chitsekocho, anawerama, nkudzipanikiza kulowa m'kampata ka pakati pa chitseko ndi khoma langa, mkanjo wa pa Idi ukukhula dzimbiri la chitseko changa. Tinamva akupuma movutikira kuseriko. Kenako:

"Ndani?"

"Ndine, bambo."

"Iwe ndani? Pano ogogoda ngambiri."

"Wasila."

Mpiringidzo unalira. Kachitseko kanatseguka chakum'kati nkumenya chitseko changa chachitsulo, nge! Wasila anaweramitsa mutu nkulowa m'kampata kamene ngakhale mphaka akadaganiza kawiri. Ife tinkangoona mapazi, masilipasi ndi nsapato zoyera za alendo zimene Wasila anagula dzulo lake. Chitseko chonse chinayamba kugwedezeka, ndipo onyamula katundu anataya tiyi nkuthamangira kukachigwira kuti chisagwere anthu. Alendo anaomba m'manja, kuganiza kuti ndi mbali ya mwambo uja. Bambo wina anafunsa Monji ngati zimachitika Lachiwiri lililonse. Monji sanamasulire kalikonse, ankangopukuta mphuno ndi chiphaso cha boma.

Ine ndinalira, sindikubisa. Ndinalira mpaka hina wa m'tsitsi langa anatsikira m'khosi.

Patapita nthawi, mawu a a Shedli anamveka kuseri kuja, osasa.

"Ukufuna madzi?"

"Eya, bambo."

"Uja wosadziwa kugogoda ali kuti?"

"Ali pakona. Akuopa."

"Muuze alowe msanga tisanabwezeretse chitseko. Angalakwitsenso."

A Beya anatuluka m'bwalo akupukuta maso ndi nsonga ya mpango, ndipo anayamba kulongolola, chifukwa ndi mmene amalirira iwo. Malumbiro awiri athyoka, anatero, ndiye kuti osauka makumi awiri, ndipo ophika ndani, si iwo omwe? Anthu ouma mitu amalumbira ndi pakamwa pawo, woswa nsana pamphika wa kuskusi, chakudya chathu cha tirigu, nkukhala wina. Anatuma a Hedi kwa wogulitsa nyama, anatuma Monji kukatenga Lotfi, anandiuza kuti nditsike ndi mphika wanga waukulu, ngati kuti ndinali ndi potulukira. Kenako anaima pafupi ndi chitseko chija, anawerama pakampata, nkutsegula pakamwa kuti aitane monga anazolowerera. Ndinaona milomo yawo itakonzekera kale kunena ujeni. Anaima kaye.

"Bambo a Wasila," anatero. "Tulukani kumeneko, mudetsa mkanjo."

Kuseriko sikunamveke yankho. Sindikukhulupirira kuti sanamve, koma a Beya anaitananso, mokweza, kuti kanjira konse kamve.

"Bambo a Wasila!"